Mapiritsi a Ziphuphu ndi Chibonga cha Bambo Anga

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse. Yewo. Mukundidziwa, sindine munthu wa mawu ambiri. Koma lero ndili ndi umboni, ndipo ndiuchitira m'Chichewa kuti ndi alendo athu omwe amve.

Linali Lachinayi, mwezi wa Meyi, cha m'ma folo koloko madzulo. Mwana wanga Lusungu anandibweretsera madzi osamba m'manja. Anagwada, maso pansi, monga mwa mwambo. Koma ndinaona kuti wafooka. Ndinamuuza kuti andiyang'ane. Abale, maso a mwana wanga anali achikasu ngati tsamba la fodya lakupsa.

Maso amenewo ndinkawadziwa. Bambo anga anapita nawo kumanda. Mng'ono wanga anapita nawo asanakwatire. Kumtundu kwathu ena timabadwa ndi chiwindi chofooka, zimayenda m'magazi. Mng'ono wanga atamwalira, madokotala ku Mzuzu anatiyeza, Lusungu n'kupezeka nacho. Anatichenjeza kuti asamwe mankhwala aliwonse dokotala asakudziwa. Mlongo wanga analipo tsiku limenelo. Anamva ndi makutu ake. Mawu amenewa muwasunge.

Kuchipatala adokotala anafunsa Lusungu zimene wakhala akumwa. Iye chete, chifukwa ine ndinalipo. Adokotala ananditulutsa panja, m'pamene Lusungu analankhula.

Nkhani yake inali iyi. Thenga, mkhalapakati wa ukwati, anali atabwera kale kwathu, ndipo akuchimuna ankayembekezeka kudzaona mkamwana wawo. Lusungu anali ndi ziphuphu nkhope yonse. Inu ochokera kutali, dziwani kuti kuno mwana wamkazi sakamba za thupi lake ndi bambo ake. Amapita kwa ankhazi, mlongo wa bambo. Mayi ake anatisiya kale, ndiye anapita kwa mlongo wanga uja. Iye anamutengera pa Jenda, kwa munthu wina wogulitsa mankhwala pa benchi, ochokera kutsidya kwa malire. Mlongo wangayo anamugulira mapiritsi, n'kumuuza kuti nkhope ya ziphuphu ichititsa manyazi mudzi wonse, amwe m'mawa ndi madzulo, ndipo asandiuze ine chifukwa izi n'zachizimayi.

Adokotala anandionetsa mapaketi a mapiritsiwo. Anati ndi mankhwala enieni, koma amphamvu chomene. Ngakhale munthu wa chiwindi chabwino amayamba amuyeza magazi, n'kumamuyezabe pamene akumwa. Wa chiwindi ngati chathu, dokotala ndiye amaona ngati n'koyenera, mwina n'kungomupatsa zopaka. Anatinso mapiritsiwo amawononga mwana m'mimba. Mtsikana woti akukalowa m'banja, abale.

Lusungu anagona m'chipatala nthawi yaitali. Ankasanza ngakhale madzi. Ndinkakhala pakhonde n'kumaganiza kuti ng'ombe za malowolo zija tidzaphera pamaliro. Amayi a mumpingo uno munkabwera kudzapemphera, ndinkakuonani. Mulungu anamva. Chikasu chija chinayamba kutha, pang'onopang'ono, mpaka anapempha phala.

Koma mwana akuchira, mtima wanga sunachire. Mlongo wanga anabwera ndi nthochi, akuti sankadziwa kuti zifika pamenepa. Ndinamufunsa ngati anaiwala amene tinamuika m'manda tonse awiri. Nthochi zake ndinamubwezera. Wa pa benchi uja ndinamva kuti akugulitsabe, ndipo ankauza anthu kuti mtsikanayo analodzedwa ndi anzake ansanje.

Abusa, munandiuza kuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinamva. Koma tsiku limene Lusungu anatuluka m'chipatala, ndinatsitsa chibonga cha bambo anga kudenga. Ndinakhala panja n'kumachipukuta fumbi. Ndinkadziwa kuti mawa ndi tsiku la msika pa Jenda, ndinkadziwanso pamene pali benchi ija.

Lusungu anatuluka m'nyumba akugwira khoma. Sanagwade. Anakhala pampando pafupi nane, n'kundiyang'ana m'maso, zimene sanachitepo chikulire.

"Adada, mukamumenya munthuyo akumangani. Mbwenu za ukwati wanga ayendetse ndani? Ankhazi?"

Anapitiriza kuti, "Ndikanatha kulankhula nanu chonchi poyamba paja, sindikanamwa."

Chibonga ndinachibwezera kudenga. Sindikunamizani kuti ndakhululuka, ayi. Mlongo wanga ndinamuchotsa pa zonse za ukwati umenewu, sadzalangiza mwana wanga ngakhale liwu limodzi. Wa pa benchiyo ndamusiyira Mulungu, koma Mulunguyo ndimamukumbutsa tsiku ndi tsiku. Mundipempherere pamenepo.

Chimene ndikuthokoza n'chakuti mwana ali moyo, ine sindili kundende, ndipo m'nyumba mwanga tsopano timalankhulana. Lusungu, imirira akuone. Ziphuphu zina zilipobe, akuchimuna anaziona ndipo sanabwerere. Amayi, konzani nthungululu zanu, mukondwere nane. Koma musanayimbe, mumve zimene ndinachita m'mawa mwake, nditabwezera chibonga chija.

Ndinavala suti, ndinakwera minibasi ya ku Jenda. Mapaketi aja ndinakasiya kupolisi. Kenako ndinakaima pambali pa benchi ija, foni m'manja, chithunzi cha maso achikasu aja a Lusungu chili poyera, iye atandilola. Mtsikana aliyense wofika pamenepo ndinkamupatsa moni, n'kumuonetsa. Mwini benchi anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinamuuza kuti ndikudikira kuti anyamuke, ndipo sindili pachangu.