Ndinadula Phokoso M'kaseti ya Apongozi

Abale ndi alongo a mu mphakati wathu, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ndine amake Thoko, wa kuno ku Nabvutika. Ndachita kulemba chifukwa ndikaimirira pamaso pa anthu, mawu amandithawa.

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa. Ngakhale amuna anga achimva lero limodzi ndi inu. Si makina amene anafufuta mawu a m'kaseti ya apongozi anga. Ndine. Ndi dzanja langa lomweli.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi mmene ndinalili. Thoko atabadwa, ine ndinalowa mantha. Mwana akagona, mantha. Akadzuka, mantha. Ndinkamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali phokoso. Chitseko chikamenyeka, minibasi ikaliza hutala pamsewu, ndinkamufungatira mwana. Ndinkakhulupirira ndithu kuti akadzidzimuka, kamtima kake kaima. Satifiketi ya za makompyuta ndinali nayo m'sutikesi, inde, koma pamenepa sinandithandize.

Timakhala pakhomo pa apongozi anga aamuna, a Sakala. Bambo a Thoko amayendetsa thiraki, akadutsa pa malire a Mwami amatha masabata osaoneka. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanakwatiwe, ndimangowadziwa pachithunzi. Choncho pakhomo tinali atatu: nkhalamba, ine ndi khanda. Ndipo mwambo mukuudziwa. Mpongozi suyang'anana naye m'maso, sukhala naye pamipando, sumufunsa mafunso. Chakudya ndinkapereka nditagwada, n'kuchokapo.

A Sakala ali mnyamata ankaimba lipenga m'bandi ya jazi ku migodi. Bandi yaikulu, malipenga mzere wawo, masakisofoni mzere wawo, onse m'masuti. Dzuwa likapendeka ankatulutsa lipenga lawo n'kumaliimba pang'onopang'ono pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinadandaula kwa amuna anga pafoni. Iwo analankhula ndi atate awo. Lipenga linalowa m'bokosi, pakhomo panangoti zii, ine n'kuthokoza Mulungu. Tangoganizani, abale, kuthokoza!

Tsiku lina bambo a Thoko atabwera anandipatsa kaseti. "Atate akuti inu munaphunzira zimenezi. Muwaikire pa fulashi isanawonongeke."

Kasetiyo inajambulidwa tsiku limene madala a m'bandi ija anakumananso komaliza, atakalamba kale, n'kuimbira anthu mu holo ina muno m'Chipata. Inalipo imodzi yokhayo. Ambiri mwa oimbawo anatsogola kale.

Ndinalumikiza wailesi ya kaseti ku laputopu ndi kawaya, n'kuvala mahedifoni kuti mwana asamve. Nyimbo zinali bwino. Koma pakati pa nyimbo ndi nyimbo, phokoso lokhalokha! Kuwomba m'manja, malikhweru, mipando ikukokedwa, wina akutsokomola, bambo wina wa mawu osasa akulankhula pa maikolofoni anthu n'kumaseka. Ku koleji anatiphunzitsa kuti ntchito yabwino ndi yoyera: chotsa phokoso, siya chofunika. Ndikanatha kufunsa kuti, Atate, kodi izi ndisiye? Anali pakhonde pomwepo, ndikuwaona pawindo. Koma mpongozi safunsidwa.

Ndiye ndinadula. Ndinadula manja, ndinadula kuseka, ndinadula bambo wa mawu osasa uja. Zoyerazo ndinazisunga pamwamba pa zakale, osasiyako ina yapadera. Pobweza kaseti kumayambiriro, wailesi inaitafuna. Thoko anali akulira, ine ndinakoka mwamphamvu, tepi n'kudukaduka m'manja mwanga.

Malo amodzi okha ndi amene anandikanika. M'nyimbo yachinayi, lipenga limodzi limaimba lokha, ndipo likamaliza anthu amawomba m'manja nyimbo ili pakati, mayi wina n'kuliza nthungululu yaitali. Ndinayesa kuichotsa, koma inali itamatirira kunyimbo. Ndinaisiya ndikunyinyirika.

Lamlungu titachokera ku Misa, bambo a Thoko analowetsa fulashi m'kawailesi katsopano pakhonde. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini, ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Nyimbo yoyamba itatha, a Sakala anawerama, akumwetulira, khutu lili kuwailesi. Kunali zii. Kenako nyimbo yachiwiri inayamba.

"Nanga a Daka ali kuti?" a Sakala anafunsa mwana wawo. "Apa m'pamene a Daka amatitchula mayina."

Amuna anga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi n'kuyankha kwa iwo, osati kwa apongozi. "Ndi makina. Kaseti inali yakale, mawu enawo anatayika okha."

A Sakala anangoti, "Oho." Anazimitsa wailesi, nyimbo yachiwiriyo isanathe n'komwe, n'kulowa m'nyumba.

Abale ndi alongo, kuyambira pamenepo a Sakala pakhonde sanakhalenso. Chakudya chinkabwerera atangotsinako. Ndinkawaona malaya akuwakulira sabata ndi sabata, ndikudziwa kuti ndine ndachita. Ndinali nditawalanda lipenga, tsopano ndinawalandanso anzawo. Ku Misa ndinasiya kulandira Ukalistia. Ena mwa inu munandifunsa, ine n'kunamizira mwana. Ndinkati ndikaulula, andibweza kwathu ndi sutikesi yanga.

Sindinaone masomphenya ine. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Mulungu anandikola ndi kanthu kakang'ono kwambiri: kufuna kudziwa.

Nthungululu ija inakana kuchoka m'mutu mwanga. Masana ndikamaliza kuchapa matewera ndinkavala mahedifoni n'kuika nyimbo yachinayi. Mafunso anayamba kubwera okha. Anthuwa akuwomberanji m'manja nyimbo isanathe? Kutchalitchi sitichita choncho. Woimba lipengayu akudziwa bwanji kuti nthawi yake yakwana, anzake onse n'kumupatsa mpata? Bwanji akuchoka panjira ya nyimbo, kupita kutali, kenako n'kubwerera pomwe anzake akumudikira? Nanga mayiyu ndani, wa mpweya wautali chonchi? Ndinawerenga malipenga ndi khutu, tsiku lina anayi, tsiku lina asanu. Munthu wodziwa mayankho onsewa anali kuseri kwa khoma, ine osatha kumufunsa.

Tsiku lina Thoko, amene anali atayamba kukwawa, anakoka kawaya ka mahedifoni. Bandi yonse inaphulika m'chipinda! Ndinalumpha, ndikufuula dzina la Yesu, kuti ndimutseke makutu. Ndinapeza mwana wagwira mwendo wa tebulo, akudumphadumpha ndi matako, akuseka, dovu lili chuchuchu. Sanafe, abale. Mwana wanga sanafe! Ndinakhala pansi n'kulira, malipenga akulirabe.

Ndinanyamula laputopu, mwana kumsana, n'kukagwada pakhomo la chipinda cha apongozi.

"Atate, ndili ndi funso."

Kanali koyamba chikwatiwire kuwalankhula chotero. Anatuluka akudabwa. Ndinaika nyimbo yachinayi, imene iwo anali asanafikepo tsiku lija. Lipenga linaimba lokha, manja anawomba, nthungululu inalira.

"Mayi akulizawa ndani, Atate?"

"Bwezani," anatero. Ndinabweza. "Bwezaninso." Kachitatu anakhala pansi pampando. "Amenewa ndi agogo ake a Thoko. Lipengalo ndine. Ankachitira dala mayi ameneyu, ati ndikamaliza ndimaima monyada ngati tambala, ndiye ankafuna ndiseke ndisokoneze." Anaseka, misozi ikutsika.

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinaulula zonse. Kuti si makina, ndine. Kuti ndinayesa ndi phokoso. Kuti ngakhale nthungululu imeneyi ndinalimbana nayo kuti ichoke.

Ine ndinayamba kuganiza za sutikesi ija.

"Amake Thoko," anatero, "nyimbo zimenezi tinkaziimba bwino tili anyamata. Tsiku limeneli tinali titatha mano, theka la ife mpweya unkatithera panjira. Mukuganiza kuti ndinkasungira nyimbo? Ine ndinkasungira kutsokomola kwa a Mvula, woimba ng'oma wathu. Bwanji simunafunse?"

"Mwambo, Atate."

"Mwambo." Anapukusa mutu. "Foni yanuyo imajambula mawu?"

"Imajambula."

"Kokani mpando."

"Mpando, Atate?"

"Nanga ndiziwerama polankhula nanu, ndi msana unowu?"

Tinatha masiku anayi pakhonde. Nyimbo ikatha, iwo ankanena zimene zinanenedwa pamenepo, chifukwa kasetiyo anali ataiimvera mpaka kuiloweza. Anasasitsa mawu ngati a Daka, mtsogoleri wa bandi, n'kutchula mayina mmodzimmodzi. "Pang'oma, mkulu wosunga nthawi paliponse kupatula pobwera ku pulakatisi, a Mvula!" Kenako anatsokomola mmene a Mvula ankatsokomolera. Ine ndinafunsa mafunso anga onse. Za manja apakati panyimbo anati, "Munthu waima yekha pamaso pa anthu, wanena zakukhosi kwake ndi lipenga. Mudikire mpaka nyimbo ithe kuti mumuyankhe?"

Mawu awowo ndinawaika m'mipata imene ndinadula. Penapake Thoko akulira. Penapake mayi wogulitsa tomato akudutsa akuitanira. Sindinadule kalikonse.

Sindikunamizani, si chimodzimodzi. Mawu enieni a a Daka anapita, ndipo sadzabweranso. Koma a Sakala akudya. Lipenga linatuluka m'bokosi. Ndi mano otsalawo limalira mokhota, Thoko amawomba m'manja pakati pa nyimbo, iwo n'kumati mwanayu ndiye akudziwa jazi. Mantha anga sanathe onse. Ndinakawafotokozera anamwino kukiliniki, akundithandiza, ndipo chala pamphuno ya mwana ndimaika mwa apo ndi apo. Anthu ayamba kundibweretsera makaseti a maukwati ndi a makwaya, ndipo ndisanagwire chilichonse ndimafunsa kuti, mukufuna kumva ndani m'menemu? Ndinayambiranso kulandira. Ndikuthokoza Mulungu amene anamatirira nthungululu ija kunyimbo, dzanja langa n'kulephera kuichotsa. Ndikuthokozanso apongozi anga. Anandiuza kuti, "Bambo a Thoko muwauze nokha." Bambo a Thoko, mwamva. Mundikhululukire.

Chatsala n'chimodzi. Amayi ena pano pakomboni akuti ndataya ulemu. Akuti mkazi wolangidwa sakhala pampando kuseka ndi apongozi aamuna, anthu akudutsa pamsewu. Azakhali anga anandiimbira foni kuchokera kumudzi, mawu ali kumwamba. Ine ndimawalemekeza, ndipo popereka chakudya ndimagwadabe. Koma pamene ndinasunga mwambo osafunsa, ndinafufuta a Daka. Pamene ndinafunsa, tinapeza agogo ake a Thoko.

Ndiye ndikufunseni inu, abale ndi alongo, makamaka amayi akuluakulu amene munakhalapo pakhomo pa apongozi: mpando uja ndinayenera kuukoka, kapena ndinalakwanso?