Mabuku Atatu a Kuchipatala, Thupi Limodzi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Kapondo ndi akutali omwe. Ndine Nabanda, dzanja langa ndi la khasu, cholembera chimandithawa, koma lero chimwemwe chandigwira mkono.

Chaka chatha chizungulire chinandipeza. Ndikawerama kuzula mtedza dziko lizungulira, ndikaweramuka mdima bii. Ndinagwa kudimba, ndinagwa pamjigo. Ndiye mwana wanga Esinati anandiletsa kubereka khanda lake. "Amayi, mudzandigwetsera mwana." Ankanena zoona, koma mawuwo anandilasa. Msana ulipo, nsalu ilipo, mdzukulu ndingomuonera patali. Ndinalira kwa Mulungu mpaka mawu anasasa.

Paja ife a m'malire timapita komwe kwapezeka mankhwala. Ndinali ndi buku la chipatala cha kwathu, lina la ku Zambia komwe ndimakacheza kwa mng'ono wanga, lachitatu ndinalitenga loyamba litanyowa ndi mvula. Koma dokotala sumuonetsa buku la dokotala mnzake, angati ukumupeputsa. Ndinkabisa, ati ulemu.

Tsiku lina anesi a pachipatala chathu anandiona ndikusankha buku m'chikwama.

"Agogo, enawo ndi a ndani?"

"Anga omwe, mwanangu, koma musakawauze adokotala."

Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anandipempha mabukuwo, ndinalola, ndipo anajambula masamba onse ndi kuwalowetsa m'kompyuta ya nzeru zochita kupanga, ija imalumikiza mbiri ya wodwala. Inasonkhanitsa zaka zanga, kulemera kwanga, zotsatira za magazi, zonse pamodzi ngati mtedza pamkeka. Ndiye inaona chomwe chinabisika: mapiritsi oyera a kuno ndi ofiira a ku Zambia anali mankhwala amodzi, otsitsa kuthamanga kwa magazi. Ine ndinkamwa onse awiri m'mawa uliwonse, mokhulupirika, nkumadzigwetsa ndekha.

Adokotala sanakwiye ayi. Anaunikanso okha, anandiyeza impso, nandipatsa mlingo woyenera thupi langa lino, osati la munthu wina.

Patatha masabata ochepa dziko linaima. Esinati anabwera yekha, nandiika mwana kumsana, namanga nsalu ndi manja ake. Ndinavina naye mpaka kutchalitchi.

Zikomo Yehova, Inu amene munapatsa anthu nzeru yopanga nzeru. Ndipo inu amene mukudwala, musafooke, pempherani. Koma popita kuchipatala nyamulani mabuku onse, ngakhale lonyowa lomwe.