Anawachotsa pa Uvuni

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1964, ndipo anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine mng'ono wawo wotsiriza. Abale andituma, ndiye ndinena zomwe tikudziwa, komanso zomwe zikutikayikitsa.

Sukulu anayamba mu 1971 ndipo anailekezera kusekondale mu 1982, bambo athu atamwalira. Mu 1987 analembedwa ntchito pakampani yopanga buledi. Mu 1990 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa, amene timawaseka kuti ndi mkazi wachiwiri, poti woyamba anali uvuni.

Achimwene ankaikonda kampaniyi ngati mpingo wawo. Ankafika chipata chisanatsegulidwe. Tchuthi ankachita kukakamizidwa, ndipo tsiku lachitatu mumawapeza abwerera, ati kukangoona ngati anyamata akupaka bwino mafuta m'zitini. Ukagula buledi wa kampani ina, pakhomo pawo sumalowa naye.

Koma pamaliro sitinama. Achimwene sanali achangu. Manja awo anali olemera, ndipo masiku ena buledi ankapserera iwo ataima pomwepo. Anzawo a ntchito muli pano mukudziwa, musaweramitse mitu. Mtima wonse anaupereka, koma mitanda yomwe ankatulutsa patsiku inkachepera ya anyamata olembedwa dzulodzuloli.

Mu Malichi 2021 kunabwera bwana watsopano. Anawayamikira pamaso pa onse kuti ndi chitsanzo cha kudzipereka, ndipo sabata yomweyo anawachotsa pa uvuni n'kuwaika m'chipinda chosungiramo fulawa. Chipinda chake n'chopanda zenera, fumbi lili koboo, matumba mpaka kudenga. Anthu awiri amene anaikidwamo iwo asanalowe anasiya ntchito okha miyezi isanathe. Ife tinadabwa. Kodi munthu womuyamikira amamutsekera kumene ena anathawa? Tinawauza kuti uku n'kukankhidwa mwaulemu. Anatikalipira, amvekere akwezedwa, chifukwa makiyi a fulawa sapatsidwa munthu wamba. Ankawavala m'khosi makiyiwo, ngakhale patsiku lopuma.

Mu Juni 2023 anayamba kutsokomola. Alamu ankakutumula fulawa m'tsitsi mwawo madzulo aliwonse, mpaka m'makutu. Adokotala ananena kuti achoke pafumbi msanga. Mawuwo anakawafikitsa okha ku ofesi, ndipo anauzidwa kuti adikire, akuwafunira malo ena. Anadikira, uku akulowabe m'chipindamo, poti kwa iwo mawu a bwana sankabwerera chabe. Pa 2 Febuluwale chaka chino anakomoka pakati pa matumba. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 18. Tsiku lomaliza kulankhula ankafunsa ngati fulawa wafika.

Sitikuloza munthu chala. Koma mitima yathu ikuwawa, ndipo tili ndi funso: amene anawasiya m'chipinda muja atamva mawu a adokotala, ankadikira kuti apeze malo, kapena kuti achimwene atope? A kampani mwabwera ndi nkhata yaikulu kuposa zonse, ndipo mwapempha mpata woti muyamikire kudzipereka kwawo. Abale akuti mpatawo ulipo, koma muyambe mwayankha funsoli pamaso pa amayi amasiyewa. Ndipo inu mwalandira makiyi aja, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, zidzukulu zinayi, ndi ife abale awo. Tikuthokoza anamwino, achipembedzo, anansi, komanso anyamata a pa uvuni amene ankabwera kuchipatala atangoweruka, osatumidwa ndi munthu.

Achimwene, tchuthi munkachikana chija ndi chimenechi, ndipo ulendo uno simubwerera tsiku lachitatu. Mzimu wanu uwuse mumtendere.