Thumba la a Muriya Lafika Dzulo

Malemu bambo Ernesto Muriya anabadwa pa 9 Juni 1957 kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, m'boma la Milanje ku Mozambiki. Anali achitatu m'banja la ana asanu, ndipo abale awo onsewo anatsogola kale. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Paul Namakhwa, mkamwini mnzawo m'mudzi muno, amene ndinayandikana nawo nyumba. Ana a malemu andipempha kuti ndiyankhule m'malo mwawo ndipo andilamula kuti ndisakometsere kanthu. A mpingo mundikhululukire ngati mawu ena atuluke ndi minga.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1966 pa mishoni ya kwawoko, koma analekeza kalasi yachitatu bambo awo atamwalira. Chipwitikizi chimene anatolako chinawakwanira kuwerengera matumba ndi kukalipira mbuzi zolowa m'dimba. Anzawofe tinkadziwa kuti a Muriya akayamba Chipwitikizi, zinthu zafika poipa.

M'chaka cha 1986 nkhondo inafika m'mudzi mwawo. Nyumba zinatenthedwa, anthu anabalalika, ndipo malemu anawoloka Muloza atabereka mayi awo kumsana. Mayiwo sanakhalitse, anamwalira chaka chomwecho ndi kuikidwa kuno. Malemu anakhala pamodzi ndi anzawo othawa nkhondo kufupi ndi Limbuli, akulandira ufa, nandolo, mchere ndi mafuta ophikira kuchokera ku mabungwe othandiza. Akuluakulu muli pano mukukumbukira kuti masiku amenewo mafuta a m'ndiwo zathu ankachokera kwa anthu omwewa. Tinkapita ndi nkhuni kapena chinangwa n'kubwerako ndi botolo. Nthawi imeneyo palibe amene ankawafunsa kuti kwanu n'kuti.

Pa 12 Ogasiti 1989 anamanga ukwati woyera ndi mayi Stella Chikopa a m'mudzi muno, ndipo anabwera kudzakhala kwa akazi awo monga mwa chikhalidwe chathu. Mulungu anawapatsa ana atatu, aamuna okhaokha. M'chaka cha 1994, malole atabwera kudzatenga othawa nkhondo kubwerera kwawo, malemu anatsala. Anati kwawo ndi kumene kuli akazi awo, ana awo ndi manda a mayi awo. Chakudya chaulere anachisiya pomwepo, ponena kuti munthu wa manja awiri sadikira lole.

Anagwirako ntchito yothyola tiyi kwa zaka zingapo. M'chaka cha 1998 anagula njinga n'kuyamba kunyamula chimanga kuchokera ku Milanje kudzatula pa msika wa Limbuli. Ankamanga matumba atatu panjinga imodzi, n'kumakankha pachitunda thukuta lili kamukamu. Pa njala ya 2002, pamene anthu tinkadya mizu ya nthochi, mabanja ambiri muno anapulumukira pa keliyala ya njinga imeneyo. Malemu ankadziwa midzi ya kutsidya kumene kunatsala chimanga, ankayankhula Chilomwe cha komweko, ndipo ankatsogolera amuna a m'mudzi muno kukasuma. Sukulu imene ana athu akuphunziramo ili ndi njerwa zoumba iwo. Anali munthu wovuta, zimenezo sindibisa. Sankabwereketsa pampu ya njinga, ndipo ukawadulira nzimbe osapempha, sabata yonse samakulonjera. Koma mwana sankachoka pakhomo pawo osatafuna kanthu.

Pa 3 Meyi 2022 mayi Stella anatisiya. Mwambo wa maliro utatha, akuchikazi anawasudzula malemu monga zimakhalira mkamwini akafedwa, kutanthauza kuti anamasulidwa kuti akhoza kubwerera kwawo. Kwawo kuti? Pamene panali mudzi wawo panamera thengo kalekale. Ana awo, pokhala aamuna, anali atapita kukakwatira m'midzi ina, choncho munda unabwerera ku mbumba ya malemu mayi Stella. Anawasiyira kanyumba aka mukukaonaka ndi kadimba kakumtsinje. Ana anawapempha kuti akakhale nawo, koma iwo anakana. Anati mkamwini sakakhala pa chikamwini cha mwana wake, n'zochititsa manyazi.

M'chaka cha 2024 mvula inadula chimanga chisanabereke. Mitengo ya zinthu inakwera moti ngakhale ogwira ntchito m'maofesi ankadandaula. Miyendo ya malemu inali itatopa, njinga anali ataipachika. Kumapeto kwa chaka chomwecho kutsidya kunabuka zipolowe chisankho chitatha. Mayi Lurdes, mwana wa mlongo wawo wa malemu, okala yawo inatenthedwa ndipo amuna awo mpaka lero sakudziwika kumene ali. Anawoloka ndi ana atatu n'kufikira pakhomo pa amalume awo. Malemu sanawerenge kuti pakamwa pachuluka. Anayala mphasa, anawasiyira nyumba, iwo n'kumagona m'khitchini.

Mu Januwale chaka chino thandizo la chimanga linafika m'dera lino, ndipo linabwera pawiri. Lina linali la eni mudzi amene sanakolole, lina la anthu othawa zipolowe. Malemu anayamba apita kwa a komiti ya m'mudzi muno, amene anapatsidwa udindo wosankha olandira. Kumeneko anauzidwa kuti iwo anasudzulidwa, khomo lawo linafa pamodzi ndi mayi Stella, ndiye apite kwa anzawo a ku Mozambiki. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kuyenda wapansi kupita kumene kunkagawidwa thandizo la othawa. Kumeneko anawaseka. Anati munthu amene wakhala kuno kuyambira 1986 si wothawanso, ndi Mmalawi, abwerere kwa a komiti a kwawo. Za mayi Lurdes anati thandizo limaperekedwa kwa amene ali ku msasa, osati okhala m'makomo mwa abale. Msasawo uli kutali, ndipo mayiwa anali ndi mwana wodwala, akuyembekezanso kuti mwina amuna awo adzawafunafuna pakhomo pano.

Malemu anabwereranso kwa a komiti, ulendo uno limodzi ndi mwana wawo woyamba Luciano, ndipo inenso ndinawaperekeza. Yankho tinalimva ndi makutu athu. Anati chimanga n'chochepa, ayambe alandira eni nthaka, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Amene ananena mawuwa sindiwatchula, akudzidziwa okha, ndipo ndikuthokoza kuti abwera. Paja akulu anati mlendo ndi mame. Koma ine m'moyo mwanga sindinaonepo mame oumba njerwa za sukulu, kapena mame amene amera imvi pamalo amodzi. Zikundipweteka, ndipo ndili ndi mkwiyo. Chimanga chimenecho a komiti sanalime. Anatumiza ndi anthu akutali amene sadziwa n'komwe kuti kusudzula n'chiyani. Iwo anamva kuti ku Mulanje kuli njala, basi. Mwambo woti munthu amasuke akakwatirenso, ife tinausandutsa chitseko chomutsekera kunja.

Ana a malemu anayesetsa. Aliyense ankabisa kambale ka ufa kuchokera kumene anakwatirako, koma nakonso njala inali yomweyo. Pakhomo pano pankaphikidwa kamodzi patsiku, masiku ena mango osapsa owiritsa. Malemu ankati adye ana ndi mayi wawo, iwo mano anatha. Mapazi awo anayamba kutupa mpaka nsapato zinawakana.

Pali kachitidwe kena kamene ambiri mukukadziwa. Lole ya thandizo ikafika, amuna amene atsitsa matumba salipidwa kanthu, koma chimanga chimene chatayikira m'lolemo ndi pansi chimakhala chawo. Amasesa, kupeta mchenga, n'kugawana. Lachisanu pa 14 Febuluwale 2025 lole inabweranso pabwalo la sukulu. Malemu, munthu wa zaka 67, anaima pamzere wa otsitsa pamodzi ndi amuna a msinkhu wa ana awo, jumbo ali nayo m'thumba la buluku. Amene anawakana kuti sangalandire thumba sanawakane kulisenza. Anali pomwepo, atakhala pamipando pamthunzi, akuonerera. Malemu anasenza matumba angapo bwinobwino. Kenaka mawondo anagonja, anagwa chagada, thumba n'kuwapsinja pachifuwa.

Anzawo a njinga anathamanga nawo ku chipatala chaching'ono chapafupi, kumene anawatumiza ku chipatala cha Mulanje Mission. Madokotala anapeza kuti nthiti zathyoka, koma anatiuza kuti chachikulu n'chakuti magazi anali ochepa kwambiri ndipo thupi linalibe poyambira. Anawasamala bwino, ndipo pamenepo tilibe dandaulo. Atatsitsimuka sanafunse za nthiti zawo. Anafunsa ngati gawo lawo la chosesa lija linafika kwa ana. Luciano anawauza kuti anzawo otsitsa anabweretsa jumbo yodzadza, ndipo malemu anagwedeza mutu. Anamwalira Lachiwiri pa 18 Febuluwale, dzuwa likupendeka.

Malemu asiya ana atatu, Luciano, Maxwell ndi Winston, pamodzi ndi akazi awo. Asiya zidzukulu zisanu ndi zinayi. Asiyanso mayi Lurdes ndi ana awo atatu, Marcia, Joice ndi Pilato, amene akhala apo pakhondepo, ndipo njala imene inalipo pakhomo pano ikadalipo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Mulanje Mission. Likuthokoza anzawo a njinga a pa Limbuli amene anasonkha matabwa a bokosi, amayi a Mphakati amene achezera ndi nyimbo, ndi amuna otsitsa matumba aja amene sanadye gawo la mnzawo. Likuthokoza adzukulu, amene malemu anakumba nawo manda a m'mudzi muno zaka zambiri. Likuthokozanso akuchikazi chifukwa chovomera kuti agone pambali pa mayi Stella. Dothi lokha ndiye lapezeka msanga.

Chomaliza ndi ichi. Dzulo masana a komiti anatumiza thumba la chimanga, ilo mukuliona litatsamira mtengo wa mapeyalawo. Uthenga wake unali wakuti liphikidwe pamaliro pano, chifukwa munthu wa m'mudzi muno sangaikidwe anthu ali ndi njala. Mwamva bwino, akuti munthu wa m'mudzi muno. Zinatengera bokosi kuti awazindikire. Ana a malemu anakhala pansi ndipo agwirizana chimodzi. Thumbalo alilandira, pakuti ndi la bambo awo, langofika mochedwa. Koma silimasulidwa lero. Likalowa m'nyumba umo kwa mayi Lurdes ndi ana, kumene mwini wake akanalisenzera akanakhala moyo. Adzukulu tawauza m'mawa, ndipo anena okha kuti a Muriya awakumbira chosadya.

Choncho tikachoka kumanda, musadikire mbale. Aliyense asambe m'manja, alawire, azipita kwawo. Ndikudziwa kuti si mwambo wathu, ndipo ena mukatinena m'njira. Katineneni. Njala ya masana amodzi siingatiikitse maliro ena.

Bambo Ernesto Muriya, pitani bwino, akamwini anzanga. Ambuye akulandireni, ndipo kumeneko sakakubwezani pakhomo kuti mukafunse kwina. Mzimu wanu uuse mumtendere.