Botolo la ombwe padambo

Inu a wailesi, ndine mayi wamasiye wa kufupi ndi Madzimoyo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndiwerengereni izi.

Amuna anga ankathandiza akatswiri ochokera ku Lusaka amene ankafufuza mankhwala a m'masamba a ombwe. Ankasinja masambawo, kuwaviika, kusefa, kenako n'kudontheza madzi ake m'mabeseni a nkhono kuti aone ngati zifa. Ankandiuza kuti, "Amake ana, nkhono izi n'zimene zimabweretsa likodzo."

Chaka chimenecho kolera inalowa m'mudzi. Tsiku loika mwana wa aneba athu amene anamwalira nayo, amuna anga anati akatole nkhono kudambo kumene timatunga madzi. Ndinati, "Bambo, pali maliro, mupita bwanji?" Anati galimoto ya akatswiri siidikira.

Mayi wina anawaona atawerama pamadzi, botolo la mankhwala a ombwe aja lili pambali, ndipo anakuwa kuti akuthira poizoni. Azibambo ochokera kumanda anathamangira komweko, makasu okumbira manda adakali m'manja. Ankati munthu wothawa maliro akudziwapo kanthu.

Amuna anga ndinawapeza atawagwetsera m'matope, alamu awo ali m'gulu lomwelo. Ankangoti, "Alamu, taonani chivindikiro, sindinatsegule." Alamu awo omwewo ndiwo anawatema ndi khasu m'mutu. Botololo ndinalitola ine, linali lotseka.

Akatswiri aja anabwera kudzandipepesa, n'kundiuza kuti nkhono za m'mabeseni zinafa zonse. Sanabwerenso. Ana a anthu amene anandiphera amuna adakakodzabe magazi, ndi anga omwe.

Omvera anzanga, muziyamba mwafunsa musanatukule khasu.