Mayi Amene Anakana Kunamiza Ana

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1961 ku Khonjeni, m'banja la a Nakhumwa, ndipo anawatcha Margret. Sukulu analekeza sitandade 6. Mu 1979 anayamba ntchito yothyola tiyi pa esiteti ino, ndipo dengu analibereka zaka makumi atatu. Mu 1982 anakwatiwa ndi a Stafford Mulipa, amene anatsogola mu 2011.

Mu 2003, a ofesi yoona za chisamaliro cha ana anawapempha kuti alere Mwai, mtsikana wa zaka zinayi amene mayi ake anali atangomwalira. Monga timachitira kuno, achibale sanamutengere mwanayo kumaliro. Anamuuza kuti mayi ake apita ku Limbe kukamugulira nsapato. Malemu nawonso anapitiriza bodzalo, poyesa kuti ndi chifundo.

Miyezi isanu ndi itatu Mwai ankakhala m'mphepete mwa msewu wa ku Luchenza, kusuzumira minibasi iliyonse. Anasiya kusewera, anayamba kukodza pogona, ndipo mbatata yake ankaibisa kusungira mayi ake. Tsiku lina malemu anamumva akuuza mnzake kuti mayi ake sakubwera chifukwa iyeyo ndi mwana wosamvera. Mawu amenewo anawalasa mtima. Kutacha anajomba kuntchito, anamutengera ku Changata pamanda a mayi ake, n'kumuuza zoona m'mawu a mwana: kuti anadwala, anamwalira, sadzabweranso, ndipo iye sanalakwe kanthu. Mwai analira masiku atatu ali pamiyendo pawo. Kumsewu kuja sanapitenso.

Kuyambira pamenepo malemu analera ana ena asanu ndi mmodzi, ndipo sananamizepo aliyense. Ngakhale popita kuchigayo ankatsanzika mwana mmodzimmodzi, kumuuza kumene akupita ndi nthawi yobwerera. Tinkawaseka kuti amatsanzika ngati akupita ku Joni. A kapitawo ankadziwa kuti tiyi akangokwera pasikelo, a Margret sacheza ndi munthu, pakuti kunyumba kuli mwana amene anamulonjeza nthawi. Mwana akanyowetsa mkeka, ankauyanika kuseri kwa nyumba kumene anzake sangauone. Ife ena tinkati akulera ana mowalekerera. Tinalakwa, ndipo lero tikuvomera.

Mu Okutobala 2024 anayamba kudwala matenda a shuga ndi mtima. Pa 27 Januwale 2025 anawagoneka m'chipatala, ndipo anatisiya pa 3 Febuluwale m'mawa. Asanakwere galimoto yopita kuchipatalako, anaitana Vailet, mwana wa zaka zisanu amene amamulera kuyambira chaka chatha. Anamuuza kuti akudwala kwambiri, ndipo ulendo uno sangathe kumulonjeza tsiku lobwerera.

Malemu asiya ana awiri obereka okha, a Philip ndi a Victoria, ana asanu ndi awiri olera, ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza a mpingo, amayi a chigwirizano, anamwino amene anawasamalira, a esiteti amene atithandiza ndi galimoto, komanso adzukulu amene agwira ntchito kumanda.

Chomaliza ndi pempho la malemu eni ake. Ena mwadabwa kuona kamwana kakhala kutsogolo kuno pafupi ndi bokosi, ndipo tamva ena akunong'ona kuti kachotsedwe. Ameneyo ndi Vailet. Musamuchotse. Amene amunyamulawo ndi a Mwai aja, lero ndi mphunzitsi ku Luchenza. Iwowo ndiwo anamuuza zoona dzulo m'mawa, ndipo ndiwo amutenge kukamulera kwawo.

Choncho mawa mukakumana naye panjira n'kukufunsani za mayi ake omulerawa, chonde musamuuze kuti apita ku Limbe. Muuzeni kuti anamwalira, kuti ankamukonda, ndiponso kuti iye sanalakwe kanthu. Akalira, khalani naye pansi.

Mayi athu a Margret Mulipa, mwanayu sakakudikirirani kumsewu. Mzimu wanu uuse mumtendere.