Maso a Mayi Bwezani Alibe Vuto

Bwana Mkulu wa wailesi yathu ya kanema, a bwana oona zamalonda, a bwana oona za antchito, ndi akuluakulu nonse okhala pamipando yokutidwa nsalu kutsogoloku. Bambo athu, amuna awo a mayi amene tikutsanzikana nawowa, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Anzanga a m'situdiyo, a pageti, osesa, ndi inu amene mwangolondola fungo la keke. Ndakulonjerani nonse.

Amene simundidziwa ndinu alendo padziko. Ine ndine Wakamera. Alipo ena ogwira kamera panyumba pano, koma amenewo ndi ogwira chabe. Ine kamera ndinabadwa nayo. Azamba anayamba kuona galasi la kamera, mutu unabwera pambuyo. Sukulu ndinaisiya isanandisiye, koma ndajambula anthu ambiri kuposa amene aphunzitsi anga onse anawakwapula.

A kuofesi anandisankha kuti ndilankhule lero chifukwa ndine woseketsa. Anandipatsanso pepala ili, lotayipa bwinobwino. Akuti ndiwerenge, ndiseketse pang'ono, ndikhale pansi. Ndime yachiwiri ikuti: "Mayi athu apempha okha kupuma, kutatsala zaka zitatu, chifukwa maso awo afooka." Ndimeyi ndaiyeserera kubafa sabata yathunthu. Ikukana kutuluka. Ndiye pepala ndalipinda, ilo m'thumba. Mwina Lolemba a pageti adzandiuza kuti nkhope yanga sakuidziwa. Zikhale momwemo. Koma bambo ndi anawa satuluka m'chipinda muno akukhulupirira kuti mayi sakuona.

A bwana oona za antchito, khalani pansi. Tiyamba ndi kuseka, monga munalamulira.

Mayiwa anabwera pano zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ali woonda ngati chingwe cha maikolofoni. Anawapatsa pulogalamu ya Loweruka masana, yosanthula makanema a nyimbo. Ifeyo tinaseka. Nyimbo amavina, amasanthulanso? Tsiku loyamba pulogalamu ikuuluka pompopompo, anaika kanema wa nyimbo yachikondi. Mnyamata akulira kuti wasiyidwa. Pakatikati chithunzi chinangoti bii! Mawu akumveka, koma osaoneka kanthu. Mayi osatekeseka. "Oonera, taonani nzeru za wojambula. Mdima umenewu ndi mtima wa mnyamatayu. Watizimitsira dziko kuti timve mmene iye akumvera." Analongosola mdimawo mphindi zinayi zathunthu. Anthu anaimba mafoni kuyamikira. Mayi wina mpaka analira.

Anzanga, mdima umenewo ndinali ine. Ndinakodwa ndi chingwe ndikuthamangira tiyi.

Sekani, sekani ndithu. Taonani nawonso akuseka. Koma nditawaululira, sanandikalipire. Anangonena kuti, "Wandiphunzitsa. Kuyambira lero ndisanatamande chinthu, ndiziyamba ndafufuza ngati munthu wachita dala kapena wagwa." Mwamva? Woyamba kuwaphunzitsa mayi ophunzirawa ndinali ine. Mukalembe zimenezo.

Ndi pamene panachokera dzina lawo lija la Bwezani. "Bwezani pamenepo. Bwezaninso. Ayi, pambuyo pang'ono." Tepi ina anaibweza kokwana mazana atatu, mpaka woimba wa m'katimo anatopa, anakhala pansi n'kupempha madzi. Ndinaona ndi maso angawa. Bambo, tiuzeni zoona lero: tsiku limene munkawafunsira, anakubwezetsani kangati? Kanayi? Akuti kasanu!

Kanema aliyense ankamuonera katatu. Koyamba atazimitsa mawu, kuti amve zimene zithunzi zikunena pazokha. Kachiwiri atatsinzina, kuti amve nyimbo yokhayokha. Kachitatu zonse pamodzi. Akatero ankati, "Nyimbo yalumbira izi, zithunzi zalumbira izo. Wabodza ndani?" Bwana wina watsopano anawapeza pa ulendo wachiwiriwo, n'kuwalembera kalata yowachenjeza kuti amagona pantchito. Bwanayo anapita kalekale. Mayi anatsala.

Ndipo sankathera pomwepo. Ankaitana anthu a m'khonde. Tsiku lina tinali ndi kanema wa mnyamata woimba za kulemera. Galimoto lalitali ngati sitima, unyolo m'khosi, magalasi akuda m'nyumba. Anandifunsa, "Waona chiyani?" Ine ndinati ndaona mpondamatiki. Anaitana Mayi Wosesa, awo akubisala kuseri kwa chitsekowo. Iwo anaponya diso kamodzi n'kuti, "Galimotolo si lake. Taonani mmene akutsekera chitseko, ngati akugoneka khanda." Anaitana mlonda. Mlonda anati, "Ine ndaona geti. Nyimbo yonse palibe amene wamutsegulira. Akungovinira panja." Mayi anaomba m'manja. "Kanema mmodzi, anthu atatu, nkhani zitatu. Wojambula amabweretsa theka. Theka linalo woonera amachoka nalo kunyumba kwake." Ine ndinakwiya, chifukwa theka langa linali lopusa.

Za kamera, ndivomere pang'ono pokha, anandiwonjezera. Ine ndinkadziwa kale kuti ukagona pansi n'kujambula munthu chokweza, amakula. Ndinajambulapo woimba wamfupi ngati botolo, anatuluka ngati mtengo wamagetsi, amayi ake enieni sanamuzindikire. Koma funso loti ukukuza ndani, ukuchepetsa ndani, ndipo chifukwa chiyani, limenelo ndinalimva kwa iwo. Ankati, "Pamene waimika kamera, wauza kale anthu amene ayenera kumuopa."

Kuseka kwathera apa. Amene ali ndi keke m'kamwa ameze.

Chaka chatha kunatuluka kanema uja wa kiyi. Nonse mukumudziwa, ena mumamuvina mpaka pano. Nyimbo yake yotsekemera ngati uchi. Mwamuna akuuza mkazi wake kuti amamukonda kwambiri, safuna dzuwa limuwotche, safuna fumbi limudetse. Amene anajambula kanemayo ndine. Inali ntchito yapadera ya Lamlungu, ndipo ndinadzitama nayo mwezi wathunthu. Ndinabwera naye ndekha kwa mayi, chifuwa patsogolo, kuti andiyamikire.

Anazimitsa mawu. Tinamuonera yense. Atatha anandifunsa, "Mkaziyu nkhope yake ndi yotani?" Ndinakhala naye tsiku lonse mtsikanayo, koma m'kanema monse mulibe nkhope yake. Muli miyendo. Muli chiuno. Muli manja akuchapa malaya. Ndipo ponseponse ndamujambula chotsitsa, ali pansi, pamene mwamunayo ndamujambula chokweza, mutu kukhudza denga. "Bwezani pamenepo." Mwamuna akutuluka. Akukoka chitseko. Loko akuti khethe, ndendende pamene ng'oma ikugunda. Kenako kiyi akuzungulira pachala, iye akuvina kupita kwa anzake. Mayi anati, "Waona zimene wachita? Waika loko pa ng'oma. Tsopano aliyense wogwedeza mutu akuvomereza lokoyo osadziwa."

Ine ndinati, "Mayi, ndi nyimbo chabe." Iwo anati, "Pita pageti la sukulu ukaone." Ndinapita. Ana akuzunguza makiyi pachala, akuvina. Wina anatsekera mnzake m'kalasi, enawo akuimba.

Loweruka lake anamuika kanemayo papulogalamu. Anamuonetsa wopanda mawu, dziko lonse likuona. Sanatukwane woimba. Sananditchule ine. Anangofunsa oonera kuti, "Mwaona chiyani?" Mafoni anaitana mpaka kutentha. Ena anakalipa kuti mayiwa akuwononga chisangalalo. Ena anati akulowerera za m'banja. Kenako anaimba mayi wina wa mawu otsika. Ndinali kuseri kwa kamera, ndinamumva m'makutu mwangamu. Anati, "Ine ndikuimba ndili m'kati. Loko ali panja. Ndimaganiza kuti ndi mmene chimakhalira chikondi, poti ndi zimene akuimba."

M'situdiyo munazizira.

A bwana oona zamalonda, mwayamba kuyang'ana foni? Palibe amene waimba. M'kanemamo munali botolo la chakumwa, likuoneka kasanu ndi kawiri, dzina kutsogolo. Ndikudziwa, ndinalipukuta ndine kuti liwale. Eni chakumwacho ndi amene amalengeza malonda awo pano kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Lolemba anabwera ndi magalimoto awiri. Lachitatu pulogalamu ya mayi inaimitsidwa, akuti "tikuikonzanso." Mpaka lero ikukonzedwa. M'malo mwake munaika makanema otsatizana opanda wolankhula, chifukwa makanema safunsa mafunso.

Koma munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sungangomuchotsa. Pamafunika chifukwa. Ndiye kunayenda kalata. Inkati mayi maso awo afooka, amabweza matepi chifukwa sakuona bwino, amachedwetsa ntchito, ndipo ife ogwira nawo tikuchitira umboni. Anatiitana mmodzimmodzi mu ofesi ya zenera lalikulu ija. Cholembera chili kale patebulo, chotsegula. Tinasaina anthu asanu ndi awiri.

Dzina loyamba pamwamba ndi langa.

Musandiyang'ane choncho, mayi. Ndikudziwa kuti munaliona. Munadziwa ngakhale kalembedwe kanga konga mapazi a nkhuku. Mabwana anandiuza kuti ndikakana, afunsa amene anandilola kugwiritsa ntchito kamera ya kampani tsiku Lamlungu. Ine wodzitama uja, amene ndimati sindiopa mkango, ndinaopa cholembera. Ndipo mawa lake munandipeza pakhonde, munandipatsa moni ngati kale, munandifunsa za mwana wanga wodwala. Bola mukanandimenya mbama.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi ichi. Mayi sanakauze apabanja awo zoona. Anakawauza zimene zili m'kalata, kuti ana asade nkhawa, bambo asabwere kudzamenya munthu. Mwana wawo wamkulu, uyo wavala zobiriwirayo, anawatengera kwa dokotala wamaso kawiri. Kawiri! Mwezi watha anandiimitsa pageti. Anati, "Amalume, dokotala sakupeza kanthu. Inu mumagwira nawo ntchito, anayamba liti kusaona?" Ine ndinayankha kuti zaukalamba zimabwera mwakachetechete. Ndinanama, mwanawe. Ndinakunamiza pageti, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye mvera tsopano. Amayi ako amaona nyerere ili kuseri kwa phiri n'kukuuza ngati yakwiya. Apa ndakokomeza pang'ono. Koma ichi sindikukokomeza: panyumba pano palibe amene amaona ngati iwo. Sakupita chifukwa maso afooka. Akupita chifukwa anaona, n'kuonetsanso ena. Bambo, magalasi amene munawagulirawo kawabwezeni. Kapena tipatseni ifeyo.

Mayi, zikomo. Zikomo pondisandutsa munthu wofunsa ndisanadine batani. Zikomo chifukwa cha achinyamata onse amene anadutsa m'manja mwanu, amene lero akujambula nkhope za akazi osati miyendo yokha. Zikomo chifukwa cha oonera amene anaphunzira kutsitsa mawu n'kudzifunsa kuti, kodi akundiuza chiyani anthuwa? Amenewo palibe kalata imene ingawachotse ntchito. Ali m'nyumba zawo, ndipo aphunzitsa ana awo.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Zimenezo mukaganizire kunyumba, mulibe changu. Chimene ndingathe ndi chimodzi. A bwana oona za antchito, lembani, poti mumakonda zolemba. Ine Wakamera, pamaso pa anthu onsewa, ndikuchotsa dzina langa pakalata ija. Ndinachitira umboni wabodza. Atsala asanu ndi mmodzi. Sindiwatchula. Akudzidziwa, ndi amene akuwerenga matailosi pansipo.

Kapumeni, mayi athu. Kagoneni mpaka dzuwa lifike pamutu. Kaseweretseni zidzukulu. Mukayatsa kanema n'kuona zopusa, musadzipweteke mtima, ingozimitsani. Mwagwira mbali yanu, ndipo mwaigwira mutu uli m'mwamba. Mulungu akupatseni zaka zambiri, kuti muone mmene nyumba ino ithere.

Tsopano tiombe m'manja. Koma tisaombe mwachisawawa. Ayambe kuimirira ndi anzanga asanu ndi mmodzi aja, ngati nawonso akuchotsa maina awo. Ndikudikira. Ine sindithamangira kulikonse, mwina ndilibenso ntchito.

Eya. Mmodzi uyo. Wachiwiri. Mkonzi wazithunzi, miyendo ikulemera? Dzuka, m'bale wanga. Wachitatu. Anayi. Anayi akwana, awiri enawo tiwasiye ndi mipando yawo.

Tsopano nonse imirirani, apabanja, osesa, a pageti. Bwana Mkulu, inu mukhoza kukhala. Manja anu atopa ndi kusaina.

Manja kwa Mayi Bwezani! Mwamphamvu, amve mpaka a chakumwa aja!